A Waya Anakana Kuzimitsa Maikolofoni

Kashopu ka a Waya kali pakati pa malo ometera ndi sitolo ya mankhwala, ndipo munthu wonenepa amalowamo cham'mbali. M'mashelefu mwadzaza mawailesi opanda zivindikiro, makanema akufa, ndi zitini za tizitsulo timene ntchito yake amaidziwa ndi eni ake okha. Dzina lawo lenileni lili pakhadi la chipani. Anthu onse, ngakhale akazi awo akakwiya, amangoti a Waya, chifukwa chiyambire unyamata sanaonekepo opanda chingwe cha magetsi pakhosi kapena m'thumba.

Chipani analowa ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, nthawi imene chinalibe ndi ofesi yomwe. Misonkhano inkachitikira kuseri kwa garaja, wolankhula atakwera pa tayala la thirakitala, akukuwa mpaka mawu kusasa. A Waya zinawamvetsa chisoni. Anatola masipika awiri a m'basi yakufa, n'kuwakhomera m'mabokosi amatabwa, ndipo sabata yotsatira anthu a kutsidya kwa msewu anamva koyamba zimene chipanicho chinkanena. Kuyambira pamenepo panalibe msonkhano wa m'deralo umene unayamba iwo asananene kuti, "Wani, thuu, wani, thuu, kumbuyoko mukundimva?"

Anayenda nacho chipanicho zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mvula inawanyowetsa atafunditsa masipika jekete lawo. Dzino lakutsogolo analisiya pabwalo lina, mwala wa otsutsa utawapeza akukulunga mawaya. Chipani chinalowa m'boma, chinatuluka, chinalowanso, iwo ali pompo. Anzawo ambiri anaoloka, ena kawiri. "Enatu malaya a chipani amasintha asanawachape n'komwe," ankatero a Waya, akuuzira fumbi m'wailesi ya munthu.

Wapampando wa chipani m'deralo anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, bambo wokonda suti ndi mawu akuti "mwambo". Awiriwa ankagwirizana bwino ndithu. Lamulungu lililonse masana ankakhala pakhonde n'kumakonza dziko lonse ndi pakamwa.

Nkhani inavuta chaka cha zisankho zachipulula. Ofuna kuimira chipani pampando wa phungu anali awiri. Wina anali mayi wina wopuma pantchito yauphunzitsi, amene aliyense ankangomutchula kuti Aphunzitsi, chifukwa theka la deralo linadutsa m'kalasi mwake. Winayo anali mkulu wa malole, amene anabwera m'chipani chaka chathacho ndipo mayina a nthambi za chipani ankachita kuwawerenga papepala. Anthu anamupatsa dzina loti a Malole. Mavoti anawerengedwa poyera, dzuwa likuswa mtengo, ndipo a Waya ndi amene anagwirizira maikolofoni pamene zotsatira zinkalengezedwa. Aphunzitsi anapambana moti panalibe chokambirana.

Patatha masabata awiri kunabwera kalata yochokera kulikulu. Inati atsogoleri, atalingalira mozama, aona kuti woimira chipani akhale a Malole. Inatinso mkulu wina abwera Loweruka kudzafotokozera mamembala muholo ya sukulu.

Lachisanu wapampando analowa cham'mbali mushopu muja.

"Alamu, mawa ndikufuna mwambo. Mlendo akalankhula, ine ndithokoza, tiimba, tibalalika. Wina akalanda maikolofoni kuti ayambe zamtopola, ine ndikangokuyang'anani, inu muzimitse."

A Waya anaika pansi chowotcherera mawaya.

"Alamu, ndikuuzirenitu lero kuti mawa musadzati ndakuchititsani manyazi. Sindizimitsa."

"Mwayamba nthabwala zanu zija."

"Dzinoli ndinaliperekera chiyani? Tinkati anthu azilankhula. Ndiye lero ndiwatseke pakamwa ndi masipika omwewa?"

Wapampando anaseka, n'kuwamenya paphewa. Ankadziwa kuti mlamu wawo ndi wolongolola, koma sanawaonepo akukana ntchito ya chipani.

Loweruka holo inadzaza mpaka ena kukhala m'mawindo. Mlendo wa kulikulu, mnyamata wosalala wa magalasi, analankhula bwino kwambiri. Anati chipani ndi banja. Anati atsogoleri amaona patali. Anati amene amakonda mtsogoleri safunsa mafunso pagulu. Atamaliza, wapampando anadzuka kuti athokoze, koma Aphunzitsi anali atafika kale kutsogolo, chikwama chili m'khwapa, ndipo anatenga maikolofoni patebulo ngati akutenga choko.

"Ine ndili ndi funso limodzi lokha, mwanangu," anatero Aphunzitsi kwa mlendo uja. "Ngati munali mutasankha kale, munatiimikiranji padzuwa tsiku lonse?"

Wapampando anayang'ana a Waya. A Waya anayang'ana ampulifaya. Wapampando anatsokomola, n'kudutsitsa chala pakhosi. A Waya anatambasuladi dzanja, anagwira kabatani, koma anakapotokolera kumanja, n'kukweza mawu. Mawu a Aphunzitsi anatuluka m'mawindo mpaka kukafika pamsika. Anatchula nthambi iliyonse ndi mmene inavotera, modekha, ngati akuitana mayina m'kalasi, ndipo nthambi ikatchulidwa eni ake ankayankha kuti, "Tilipo!"

Mlendo anavula magalasi. "Kodi wa zokuzira mawuyu ndi wa mbali iti?"

A Waya anali ndi maikolofoni yawo yoyesera. Anaiyatsa.

"Ndine wa mbali yanu, bwana. Khadi langa ndi nambala sikisite-foro, inu musanayambe sukulu. Mtsogoleri ndimamukonda, chithunzi chake chili mushopu mwanga. Koma apa mwalakwitsa. Mukamuuze kuti wanena ndi Waya, amandidziwa, ndinamugwirira ambulera."

Holo inaphulika. Ena ankaomba m'manja, ena ankakuwa kuti wogalukira atuluke. Msonkhano unathera pomwepo, nyimbo osaimbidwa.

Kalata yawo sinachedwe. Inati ayamba aimitsidwa kaye chifukwa chonyoza atsogoleri, ndipo pansi pake panali siginecha ya mlamu wawo. A Waya anaiwerenga kawiri, n'kuikhoma pakhoma pafupi ndi chithunzi cha mtsogoleri kuti makasitomala asamavutike kufunsa.

Kunyumba ndiye kunali kovuta. Akazi awo anakhala masiku atatu akulankhula ndi mapoto okha. Tsiku lachinayi anayamba.

"Inu bambo, simukanangonamizira kuti waya waduka? Mawaya amaduka tsiku lililonse. Achimwene akanasangalala, inunso mukanakhala ndi mtendere."

"Waya wanga saduka, mayi. Dera lonse likudziwa. Akanati ndakalamba."

"Ndiye mwasankha kunyada."

"Ndasankha kuti ndikakumana ndi Aphunzitsi pamsewu ndisamawolokere tsidya lina."

Mayiwo anapukusa mutu, koma madzulo ake anapita kwa mchimwene wawo, ndipo anthu oyandikana nawo amati zimene anakalankhula kumeneko zinamveka popanda sipika.

Sabata yotsatira kunabwera anthu atatu a Aphunzitsi, nkhope zili ngwee. Mayi aja anali ataganiza zoima paokha, ndipo pafupifupi theka la mamembala linawatsatira. Anabweretsa malaya atsopano a gulu lawo, a saizi ya a Waya yeniyeni.

"Mdala, inu ndiye ngwazi yathu. Tiyeni, masipika akwere galimoto yathu."

A Waya anawapinda bwinobwino malaya aja n'kuwabweza.

"Mwandimva molakwa. Ine sindinatuluke m'chipani. Andiimitsa, ndipo ndaima."

"Anthu akuchitani chipongwe chotere, inu n'kumawakakamirabe?"

"Denga likamadontha ndimakwera pamwamba ndi hamala. Sindisamukira kwa aneba. Aphunzitsi anaberedwa, ndinanena, ndipo ndidzanenanso. Koma ndikatuluka, m'katimo atsala ndani woti azinena?"

Anachoka akung'ung'udza kuti mdalayu ndi wamantha. Choncho mwezi umodzi womwewo a Waya anakhala wogalukira kwa ena ndi kapolo wa atsogoleri kwa ena. Wometa wa khomo loyandikana ankawaseka kuti akhala ngati fyuzi, moto ukuwawotcha kuchokera mbali zonse. Iwo ankangoti fyuzi ndi imene imapulumutsa nyumba, n'kupitiriza ntchito.

Misonkhano ya chipani sanasiye. Ankavala malaya awo akale otuwa aja, n'kukaima kumbuyo, manja kumsana. Chipani chinabwereka zokuzira mawu kwina, ndipo zinkalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Tsiku lina a Malole ali pakati polonjeza mlatho, zinangoti zii. A Waya anapirira mphindi ziwiri, kenako anadutsa pakati pa anthu, anagwada, analumikiza waya umene unasomphoka, n'kubwerera kumbuyo osayang'ana munthu. Analembanso makalata anayi kulikulu, ofotokoza zimene zinachitika, ndi dzina lawo ndi nambala ya khadi pansi. Yankho silinabwere ngakhale limodzi.

Pachisankho, a Malole ndi Aphunzitsi anagawana mavoti, ndipo mpando umene chipanicho chinausunga zaka khumi ndi zisanu unapita kwa munthu wa chipani china amene ngakhale iye mwini anadabwa. A Malole anabwerera ku malole awo osatsanzika. Amene a Waya anamuvotera palibe akudziwa. Akazi awo anafunsa kamodzi, iwo n'kuyankha kuti m'kachipinda kovotera kaja munthu amalowa yekha.

Patapita miyezi itatu, komiti ya dera inaitanitsa msonkhano wofufuza chimene chinalakwika. Wapampando, ataonda pang'ono, anaimirira n'kunena pamaso pa onse kuti kalata yoimitsa a Waya yafafanizidwa. Anawonjezera, akuyang'ana pansi, kuti iye mwini anadziwa kuyambira pachiyambi kuti kulikulu alakwitsa, koma anaopa kutchedwa wosamvera. A Waya sanawasekerere. Anapempha chinthu chimodzi, kuti kuyambira tsopano zotsatira za chipulula zizisainidwa pomwepo ndi nthambi zonse, n'kumatidwa pachitseko cha ofesi mlendo aliyense asanakwere galimoto. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, koma mfundoyo inadutsa. Ambiri mwa amene anatuluka anabwerera mmodzimmodzi. Aphunzitsi sanabwerere, ndipo a Waya sawaimba mlandu.

Zisankho zachipulula zotsatira, a Waya anali ndi munthu wawo, namwino wina amene anamuyendera khomo ndi khomo. Namwinoyo anagwa, ndipo anagwa mwachilungamo, kwa mnyamata wogulitsa simenti amene a Waya amati amalankhula ngati wailesi yosagwira bwino siteshoni. A Waya anasaina pepala la zotsatira m'malo mwa nthambi yawo, nkhope ili gwa.

M'mawa mwake akazi awo anawapeza panja akukweza masipika pangolo.

"Kodi mukupita kumsonkhano wa mnyamata wa simenti? Si uja mumati sadziwa kulankhula?"

"Sadziwadi," anatero a Waya, akumanga chingwe. "Koma anthu amusankha. Ndikamuuza tikakumana kuti azifupikitsa. Tandipatsirani jekete, kukuoneka ngati kugwa mvula."