Mayi Michiko, ndinakuikani kumbuyo kwa kwaya

Mayi Michiko, dzulo mwana wanu wandilembera kuchokera ku Japan kuti patha chaka chimwalirireni, pomwe ine sindinkadziwa n'komwe kuti munatisiya. Watumizanso kanema. Inu muli pansanja mutavala diresi lakuda, anthu adzaza holo, abambo atatu akukuimbirani zida. Akuti munali woimba nyimbo za jazi wotchuka kwanuko zaka zambiri musanabwere kuno ku Cuamba, m'dziko la Mozambique, ndi amuna anu, aja ankagwira ntchito yamsewu. Ndaonera kanayi konse, mutu sukugwirabe.

Mukukumbukira Loweruka lija kutchalitchi, tikukonzekera nyimbo za Pasaka? Anzanu akayamba mzere, inu munkalowa mochedwa pang'ono, n'kumakoka mawu ngati simukufuna kuwasiya. Ndinaimitsa kwaya yonse n'kunena pagulu kuti, "Mayi, mukutsalira. Pitani kumbuyo, muzingotsatira anzanu." Munawerama n'kuyankha m'Chinyanja chanu chothyokathyoka chija, "Zikomo aphunzitsi, ndiphunzira." Munaimadi kumbuyoko zaka ziwiri zathunthu osadandaula. Pakanemayu mukuchedwa chimodzimodzi, koma woimba ng'oma akuchita kukudikirani, anthu akuomba m'manja. Nanga munalekeranji kundiuza? Kodi munkandiseka chamumtima, kapena kumbuyoko n'komwe munapeza popumira? Ndamufunsa mwana wanu, iye wangoti munkakonda kuuza alendo kuti ku Mozambique kuli bambo mmodzi yekha amene sankakuopani. Mpaka pano sindikudziwa ngati ndikupepeseni kapena ndikuthokozeni. Pumulani bwino, mayi.