Mbiya za Esinati pa Chisi

Tinanyamuka kwathu kwa Mwambo dzuwa lisanayambe kuwawa, ine ndi a Makwinja, mkulu wa mpingo wathu. Zinali zaka zija boma la Chitaganya litangoyamba kumene. Dzulo lake tinali titalandira uthenga wochokera pa chilumba cha Chisi wakuti mng'ono wanga Esinati chifuwa chamufikitsa pothera, ndipo akupempha chinthu chimodzi chokha: mkulu wa mpingo adzamupempherere ndi kumubwezera mumpingo asanamwalire. Anamudula chifukwa chophika mowa. Mwamuna wake anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera, ndiye mowawo ndi umene unkadyetsa ana amene anamusiyira.

A Makwinja anakwera njinga yawo, ine pambuyo wapansi nditasenza mpunga wa odwala. Ankati akapalasa pang'ono, n'kundidikira pamthunzi, ndikafika n'kuyamba kundilalikira za kuipa kwa mowa ngati wophikayo ndine. Ndinkangoti "inde bambo," mtima uli ku Chisi.

Pa Kachulu tinalandiridwa ndi fungo la matemba oyanikidwa ndi ntchentche zake. Ndinagula mbatata yootcha, tinadyera choimirira. Mwini bwato, bambo wina Myao wa imvi, anati kuwoloka ndi sikisipensi munthu mmodzi. A Makwinja anayamba kuyang'ana mbalame za m'mabango mpaka ine nditamasula mfundo ya nsalu yanga n'kulipira tonse awiri. Bwato linali pataliko ndi mtunda, pakati pali matope ofika m'mawondo. Ine ndinangokwinya nsalu n'kulowa, koma iwo anati nsapato zawo n'za ku tchalitchi, mpaka mwini bwatoyo anachita kuwabereka kumsana.

Nyanja ya Chilwa si yakuya, madzi ake ndi otuwa ngati otsukira mpunga, ndipo bwato amachita kulikankha ndi nsungwi yaitali. Tili pakati, mwini bwato anafunsa kumene tikupita. Nditatchula Esinati, anagwedeza mutu n'kunena kuti iye mowa samwa, koma mayi ameneyo amamudziwa, chifukwa nthawi ya njala ija ana a anthu ena ankadyera pakhomo pake. A Makwinja anayankha kuti zimenezo sizichotsa tchimo.

Tinafika pa Chisi dzuwa lili pamutu. Tinakwera kanjira ka miyala kudutsa milambe mpaka pa kanyumba ka Esinati. Amayi oyandikana naye anali atakhala pakhonde, ana ali mbuu ndi fumbi. Ndinalowa n'kumupeza atatha, mikono ngati mapesi, koma atamva kuti mkulu wa mpingo wabwera, nkhope yake inawala. Anandiuza ndimuveke mpango wake woyera uja ankavala pa Mgonero.

Ndinatuluka kukawaitana, ndipo ndinawapeza kuseri kwa nyumba ataima pa mbiya zazikulu zophikira mowa, zovundikira pansi. Anati iwo salowa m'nyumbamo mbiyazo zisanaswedwe pamaso pa anthu, kuti chikhale chizindikiro cha kulapa. Ndinawagwadira, ine mayi wamkulu, m'fumbi. Ndinawauza kuti mbiyazo zakhala miyezi osaona moto, ndipo mwini wake sadzadzukanso kuti aphike. Anati lamulo ndi lamulo.

Esinati anamva zonse, poti khoma la nyumba yake linali lamabango. Anandiitana, ndipo mawu ake ankachita kutuluka movutikira.

"Achemwali, musaswe. Ana angawa ndilibe munda wowasiyira, ndilibe mbuzi. Mbiyazo mudzagulitse, adzapeze chimanga."

Ndinamukumbutsa kuti akatero a Makwinja abwerera osamupempherera. Anatseka maso kanthawi, misozi ikutsikira m'makutu.

"Abwerere. Mulungu ana angawa amawadziwa. Mundipempherere ndinu."

A Makwinja anakakhala pansi pa mlambe kudikira bwato, Baibulo lili pamwendo, lotseka. Mkwiyo umene ndinali nawo tsiku limenelo sunandichokebe mpaka lero. Munthu kuwoloka nyanja yonse ija, n'kulephera kulowa m'nyumba ya munthu amene akufa, chifukwa chabe cha dothi loumba!

Ine ndinali ndisanapempherepo pagulu chibadwire, kwathu zimenezo zinali za amuna. Koma ndinagwada pamphasa, ndinagwira dzanja la mng'ono wanga, n'kumuuza Mulungu zonse monga ndinkazidziwira, za mwamuna wothawa, za njala, za anawo. Amayi a pakhonde aja analowa mmodzimmodzi n'kuyamba nyimbo ya ku tchalitchi motsitsa. Esinati ankatsatira ndi milomo yokha. Anatisiya dzuwa litapendeka, mpango woyera uli kumutu.

Tinamuika mawa lake popanda mwambo wa mpingo. Pobwerera ndinakwera bwato ndi ana ake, mbiya zili pakati pathu zitakulungidwa m'udzu kuti zisasweke. Tchalitchi sindinasiye, ndimapitabe, ndipo a Makwinja ndinkawapatsa moni mpaka imfa yawo. Koma kuchokera pa ulendo umenewo, ndikamva kuti wina wadwala, sindifunsa ngati ali mumpingo kapena anamudula. Ndimatenga mpango wanga n'kupita, ndipo ndikafika ndimalowa m'nyumba.