Ulusi umene ndinabisa m'thalauza

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, miyezi inayi chifikireni mumzinda wa Perth kuno kunja, pamene lata la mpanda linanding'amba mwendo kuseri kwa nyumba yathu ku Ellenbrook. Dokotala anandisoka malo asanu ndi awiri, n'kunena kuti ulusi ukachotsedwe pakatha masiku khumi. Amayi anagwedeza mutu, anandisiya kunyumba, n'kuthamangira ku ntchito yawo ya unamwino ku Rockingham, kutsidya lina la mzinda.

Kwathu ku Lilongwe ukavulala anthu amabwera kudzakuzonda. Amakhala pakhonde, amati "tione", bala lako n'kukhala la onse. Ine wopusa ndinasesa pabalaza, ndinayala mipando. Sikunabwere munthu. Azimayi a kutchalitchi anatumiza uthenga pafoni kuti akundipempherera. Nawonso anali ku ntchito.

Tsiku la khumi linafika, amayi sanakumbukire. Ndikanatha kuwakumbutsa, koma sindinatero. Ndinkati munthu amene amachotsa ulusi pa matupi a anthu osawadziwa angaiwale bwanji wa mwana wake? Ndinkafuna akumbukire okha, osati chifukwa aona balalo. Ndinayamba kuvala thalauza lalitali, kunja kukutentha ngati m'ng'anjo, n'kumawerenga masiku.

Khungu linayamba kukwirira ulusi uja. Bala linafiira, linkayabwa, kenako linayamba kununkha. M'kalasi mtsikana amene ndinkakhala naye anasuntha mpando wake kunditalikira.

Patatha milungu itatu, Loweruka m'mawa, amayi akuchapa anaona mafinya pathalauza.

"Tadala, bwera kuno. Pinda thalauzalo." Anagwada pansi. "Mayo ine! Ulusi ukadalipo? Bwanji sunanene?"

"Ndimadikira mukumbukire nokha."

"Iwe, ndimakumbukira mankhwala a wodi yonse tsiku ndi tsiku. Pakamwa pakopo ndi pa ntchito yanji?"

Anandikhazika patebulo, anawiritsa kasizasi, n'kuyamba kudula ulusi umodziumodzi, akuchita kuukumba m'khungu. Zinawawa kuposa posoka paja. Sanapepese. Koma atamaliza anakadzitsekera m'bafa nthawi yaitali, madzi akungotuluka pampopi.

Chipsera chilipo, chotupa, chonyansa. Panopa ndimatsuka mbale m'lesitilanti ina ku Northbridge, ndipo sindinganame kuti za nthawi ija ndinakhululuka zonse. Chimene ndikudziwa n'chakuti kuno ukakhala chete anthu amati uli bwino, ngakhale mayi wokubereka. Palibe amene ali ndi nthawi yoti apinde thalauza lako.

N'chifukwa chake chaka chatha, nditasiya yunivesite, sindinawerengenso masiku. Ndinakwera sitima tsiku lomwelo kukawauza amayi pamasom'pamaso. Anandikalipira maola awiri athunthu mpaka mawu anasasa. Ine, amene sindipirira zamkutu kwa munthu aliyense, ndinakhala phee osadzuka pampando, chifukwa maola awiri onsewo amayi ankayang'ana ine ndekha.