Firiji Pakati pa Fodya

Ine mawu anga amamveka kutali. Ndikaitana munthu ndili pakhomo, amayankha ali kudambo, ndipo kutchalitchi adaleka kalekale kundipatsa chimkuzamawu. Koma chaka chimene ndikunenachi kukuwa sikudandipindulire kanthu, poti chimene ndinkakalipira chinali firiji.

Firijiyo ndidagula ine, ndi fodya wanga wa bale, chaka chimene magetsi adafika kwathu kuno kwa Mwase. Idabwera pa ngolo kuchokera pa Boma, itaimirira ngati mkwatibwi, anthu akuilondola pambuyo. Pamudzi pano panalibe wina amene anali nayo. Woisamala anali akazi anga, amene pano adatsogola. Ine yanga inali kutsekula, kumwa madzi ozizira, ndi kuonetsa alendo.

Ndiye akazi angawo adadwala shuga. Kuwonda, ludzu losatha, mpaka tsiku lina adagwa tikuthirira nazale. Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, adabwera kudzawatenga kuti azikaonana ndi madokotala. Tinkayesa ndi za masiku ochepa. Mvula idagwa, fodya tidawokera, tidathyola, tidasoka, mpaka adauma m'chigafa, iwo ali komweko.

Nyumba ija idakula. Ndinkachokera kumunda nkhani zili m'kamwa, n'kuyamba kuzifotokoza ndisanalowe n'komwe, ndiye ndizikumbukira ndili pakhomo kuti mulibe munthu. Khasu lawo lidachita dzimbiri pakhonde. Mpango wawo unali pa chingwe kuchipinda, sindidausunthe. Chimene ndidasowa kwambiri, mukhoza kuseka, ndi munthu wondiuza kuti, "Inu, tsitsani mawu, ndili pompano."

Tsiku lina mwana uja adaimba foni.

"Ababa, adokotala avomera kuti amayi abwerere kumudzi. Koma mankhwala awo ndi a jakisoni, amafuna pozizira. Akatenthedwa amatha mphamvu. Firiji ija ikugwira?"

"Ikugwira! Firiji yanga idayamba yafapo?"

"Chabwino. Tibwera Loweruka, ndidzaone ndekha. Ndikapeza sikuzizira ndibwerera nawo, musadzati ndine wamwano."

Mwana ameneyu adatengera ine. Akanena wanena.

Nditatsitsa foni ndidakatsekula firiji ija. Madzi ake anali ofunda, a mumtsuko anali bwino. Kunena zoona idayamba kale kufooka, koma munthu uli wekha sulabadira. Inkalira osapumira, hiii, ngati galimoto yokanika pamtunda, kuzizira osaoneka.

Ndidayamba ndi kabatani ka m'kati kaja, kukapotoza mpaka kumapeto. Palibe. Ndidati mwina magetsi akubwera ofooka, ndidaima pabwalo n'kuwanena a magetsi mpaka agalu adathawa, koma babu linkayaka bwinobwino. Wina adandiuza kuti mphira wa pachitseko ukatha mphepo imathawira pomwepo, ndiye ndidadula chubu cha njinga n'kuimanga firiji yonse m'chiuno. Palibe. Ndidaimenyako mbama ziwiri zitatu. Idangopitiriza kulira.

Apa ndifotokoze za fodya, poti amene simulima simungadziwe. Inali nyengo yosankha. Fodya wosankha kale, amene akudikira kudindidwa m'mabelo, sasiyidwa poyera, akuba amamva fungo lake ali kutali. Amafunanso kumufunditsa mapulasitiki ndi ziguduli kuti asaume n'kumafumbutuka. Akazi anga ali pakhomo, fodya ankalowa m'kachipinda kakang'ono basi, wotsala tinkalondera kuchigafa. Pabalaza ankakaniza. "Fodya wanu pafupi ndi firiji ayi," ankatero chaka ndi chaka, ine n'kumati ndi za akazi, akudana ndi fungo. Chaka chimenecho wondiletsa panalibe, ndipo fodya adachita bwino zedi. Ndidakankhira firiji pangodya, kuigunditsa kukhoma, n'kuunjika fodya uku ndi uku mpaka pamwamba pake. Chinkaoneka ndi chitseko chokha.

Loweruka likuyandikira adabwera alamu anga, mchimwene wawo wa akazi anga, amene adakhalapo khukhi kunyumba ya bwana wa esiteti ya fodya. Adaizungulira firiji ija ndi maso, manja ali kumbuyo.

"Alamu, ndiye mwaimanga chonchi yaba chiyani?"

"Musandiseke, thandizeni. Achemwali anu akubwera."

"Yaing'ono iyi. Firiji ikakana amaizondotsa, mutu pansi miyendo m'mwamba, igone choncho. Ku esiteti tinkatero, m'mawa kupeza ikuumitsa nyama gwa!"

Ndidavomera, nanga ndikadatani. Koma kuti tiizondotse kudafunika kuifukula kaye. Tidachotsa mitolo ya fodya, thukuta kamukamu, n'kuikokera pakati pa balaza. Khoma la kumbuyo kwake linali lotentha ngati chiwaya. Tizitsulo tokhala ngati sefa tija tili kumsana kwake sitinkaoneka, tidafunda fumbi la fodya lochindikala ngati bulangete. Kamphika kakuda ka pansi kaja nditakakhudza ndidachotsa dzanja msanga.

Ndipo pakhoma pomwepo, pa msomali umene sindidakhome ine, padapachikidwa katsache ka nthenga za nkhuku, komanga ndi kansalu kong'amba ku chitenje chakale chobiriwira cha akazi anga. Nthengazo zinali zoperepeseka kunsonga. Zaka zonsezo ndinkadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, sindidakaonepo, ndipo sindidawaonepo akusesa. Kaya ankachita nthawi yanji. Ndidakagwira m'manja n'kungoima.

"Lero mwatha mawu, alamu? Kugwa matalala," adatero alamu aja. Adatulutsa foni yawo n'kuimbira achemwali awo modzitama. "Achemwali, musade nkhawa, firiji yanu tikuizondotsa."

Mawu a akazi anga ndidawamva ndili poteropo. "Mukuitani? Apatseni foni eni ake!"

Ndidalandira.

"Inu, mwapenga kodi? Ya ku esiteti ija inali ya palafini. Iyi ndi ya magetsi, mukaizondotsa mwaipha. Wogulitsa uja adanena tsiku lomwe lija, inu muli kalikiliki kuuza anthu za fodya wanu. Nanga fodya ali pati?"

Ndidayang'ana mitolo ija ili mbwee pabalaza.

"Ndati fodya ali pati?"

"Ali chapafupi."

"Ndimadziwa ine. Chotsani yense. Firiji imapumira kumbuyo, mwaitseka mphuno. Zimitsani kaye, musese ndi nthenga pang'onopang'ono, osati ndi mphamvu zanuzo. Poibwezera musiye mpata woti mkono uzilowa. Ndipo chimene mwaimanga nacho mumasule."

"Wakuuzani ndani kuti ndaimanga?"

"Ndakwatiwa nanu dzulo?"

Adaseka, kenako kuseka kuja kudazilala. Adalankhula motsitsa, ngati akuopa kuti mwana awamva. "Bambo, kuno ndatopa nako. Amandisunga bwino, koma ndimangokhala kumpanda, kuyang'ana geti. Ndikufuna kwathu."

Ndidayankha kuti mubwera, osadandaula. Zina zimene ndinkafuna kunena sindidanene, alamu anali pomwepo makutu ali tcheru.

Ndidasesa ndi nthenga zija, chogwada. Fumbi lidatuluka lodzadza chitini, tonse kuyetsemula. Kenako ndidayamba kunyamula fodya kupita naye kuchigafa, poti m'kachipinda munali modzadza kale.

"Alamu, fodya wabwino chonchi kunja? Akuberanitu."

"Abe!"

Ndipo adabadi, mitolo ingapo ya masamba apakati, abwino okhaokha. Ndidakuwa ndithu mudzi wonse udamva, koma m'nyumba sindidamubwezere.

Firiji tidaiimika patali ndi khoma, n'kuyatsa. Ndidaika kapu ya madzi m'kachipinda kake ka pamwamba. Vuto lidali kudikira. Ndinkangoti ndikatuluka, ndabwerera, ndatsekula, ndapisa chala. Alamu adachita kundikoka. "Mukamatsekulatsekula izizira bwanji? Tiyeni panja." Tidakhala pansi pa mtengo wa mango, ine khutu lili kunyumba. Dzuwa litapendeka ndidamva yasiya kulira. Ndidati basi yafa. Ndisanadzuke n'komwe idayambanso yokha, mofatsa, monga inkachitira kale. M'mawa mwake ndidapeza madzi a m'kapu aja agwirana. Ndidayenda nayo kapuyo mpaka kwa alamu, madzi akusungunukira m'manja.

Loweruka ndidasamba m'mamawa, kuvala jekete la kutchalitchi, n'kukhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Fumbi lililonse ndinkati ndi iwo. Galimoto idafika dzuwa lili paliwombo. Mwana uja adandipatsa moni wachidule n'kulowa m'nyumba. Ndidamutsatira. Adatsekula firiji, kupisa mkono mpaka m'chigongono, n'kukhala choncho nthawi yaitali, nkhope ili gwa. Amayi ake anali adakali m'galimoto, chitseko chotseka, chikwama chili pamiyendo.

Mwana uja adatseka firiji n'kutuluka. Ndidamva akutsekula kumbuyo kwa galimoto. Adabwera ndi kabokosi, n'kuyamba kundandalika timabotolo ta mankhwala pa shelefu ya pakati.

"Ababa, madzi anu muziika pansipa. Apa ndi pa amayi."

Nditatuluka ndidapeza akazi anga atsika kale okha. Anali atachepa thupi, akuyenda mogwira galimoto. Adafika pakhonde, kukhala pansi, kuvula nsapato za m'tauni zija n'kuponda dothi ndi mapazi onse awiri. Adayang'ana bwalo lonse pang'onopang'ono, mpaka kukhola.

"Nkhuku zanga zatsala zingati?" adafunsa.

Ndidakhala pambali pawo n'kuyamba kuwafotokozera.