Khushoni ya ba Amock

Pamene tinkamangitsa makalasi atsopano pasukulu yathu ku Kabwata, mchenga ndi miyala ankatikwezera ndi ba Amock Chibwe, bambo wamfupi, wa imvi m'mbali mwa makutu. Ankayendetsa loda, chithalakitala cha fosholo kutsogolo. Inali yakale, yofuka utsi, koma sinakanepo kudzuka m'mawa. Chifukwa cha kufupika, ba Amock ankaiyendetsa ataimirira, khosi lili uku ndi uku, kuti aziona ana athu omwe sankamva kuletsa.

Kampani yawo itagulidwa ndi eni ena, loda ija inagulitsidwa kwa mlimi wa ku Chongwe. Inabwera yatsopano, ya magalasi ndi kamera yoonetsa kumbuyo. Mpando wake unali wanzeru: woyendetsa akangonyamuka, injini inkazima.

Ndinkaona zonse pa zenera la kalasi yanga. Fosholo ikakwera, ba Amock ankadzuka mwachizolowezi, makina n'kukhala chete. Lole zinkadikira.

"Ba Amock, nkhalani pansi!" anakuwa ba Mpundu, kapitawo. "Si basi ya ku Intercity iyi!"

"Nikankhala siniona bana, ba bwana."

"Kamera ilipo."

"Kamera siziba kuti Lukonde amathamangila bola."

Lukonde uja anali wa m'kalasi mwanga, ndipo ankathamangiradi mpira. Ba Mpundu anaseka, koma anauza ba Amock poyera kuti zikapitirira, sabata yamawa pampandopo pakhala munthu wina. Masana amenewo ba Amock sanatsegule n'komwe kontena ya chakudya chawo.

M'mawa mwake anafika ndi akazi awo, ba Imelda, omwe amasoka kumsika wa Kamwala. M'khwapa ba Imelda anapanira chikhushoni cha chitenje cha maluwa, chodzaza ndi zidutswa za nsalu, cholimba ngati thumba la chimanga. Anakwera okha makwerero a loda, n'kuchimangirira pampando ndi zingwe.

"Kwelani, atate ake Abby. Manje mwatalika."

Ba Amock anakhala. Mutu unafika pomwe unkafika ataimirira, mpandonso unamva kulemera kwawo. Fosholo inakwera, inatsika, inakweranso, injini osazima. Ba Mpundu anayang'ana maluwa aja, anapukusa mutu, n'kuitana lole.

Makalasi aja anatha kumangidwa, ndipo ba Amock anapita ndi loda yatsopano ija kukagwira ntchito ku Chelstone. Masiku onse amene anali nafe, kamera ankaipukuta bwinobwino m'mawa uliwonse. Koma asanabwerere m'mbuyo ankatembenuzabe khosi, n'kuitana ana anga mayina.