Kompyuta Yokalamba ndi Ukwati wa Mwana Wanga

Pa ukwati wa mwana wanga wamkazi ndinapita ngati wojambula vidiyo. Ine ndi mayi ake tinasiyana iye ali ku pulayimale, ndipo kwathu ku Petauke nkhani yotere sivuta kuweruza: bambo ndi tambala chabe, anapiye amatsata thadzi. Mwanayo anakulira ku Highridge, kuno ku Kabwe, kwa amalume ake, kunyumba ya mpanda ndi agalu. Ine ndinatsala ku Kamushanga m'chipinda changa cha lendi, ndi kamera, kompyuta ndi mpando umodzi wabwino. Pa tsikulo amalumewo ndiwo anamulowetsa m'tchalitchi. Ine ndinkayenda chafutambuyo patsogolo pawo, diso lili pa kamera, kusamala kuti ndisapunthwe pa maluwa.

Madyerero atatha mwana wanga anandipeza kuseri kwa holo ndikukulunga mawaya.

"Ba daddy, video izasila liti? Tiyenda ku Solwezi pa Saturday. Nizabwela kwanu pa Friday, titambe pamodzi."

"Kwanga?"

"Ee, kwanu. Ise babili chabe."

Chikulireni anali asanalowepo m'chipinda changa. Tinkakumana m'tauni, pamalo odyera, n'kumakamba za sukulu mpaka chakumwa chithe. Ndinamuuza kuti Lachisanu adzaipeza itatha kuti tidzaionere limodzi, ndipo ndinayankha mwamatama ngati munthu amene ali ndi magetsi akeake.

Chinali chaka cha chilala chija chimene chinaphwetsa madzi opangira magetsi, mwezi wa Okutobala. Magetsi ankabwera kamodzi patsiku, kwathu kawirikawiri m'mawa, n'kuchoka dzuwa likafika pamutu. Kudula ndi kulumikiza zithunzi ndinamaliza msanga. Vuto linali gawo lomaliza, pamene kompyuta imaphika zonse kuti zikhale filimu yoti munthu n'kuonera. Pamenepo wojambula alibe chochita, amangoyang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa pa sikirini. Magetsi akathima kamzereko kasanafike kumapeto, zonse zapita, mawa uyambirenso. Ndinagawa vidiyoyo m'zidutswa, koma zidutswazo zinachuluka kuposa masiku otsala. Kompyuta yangayo ndinaigula yogwirapo kale ntchito kwina, ndipo imayenda ngati mkulu wa mpingo atanyamula mbale ya chopereka.

Njira inatsala imodzi, yothamangitsa purosesa, imene anyamata a makompyuta amati overclocking. Purosesa ndi kachitsulo kakang'ono ngati bisiketi kamene kamaganiza zonse m'bokosimo. Opanga amakaikira liwiro loti kakhale nalo moyo wautali, koma amasiya kampata. Ukalowa m'BIOS, tsamba limene umalitsegula kompyuta ikangoyaka, ukhoza kukweza liwirolo. Malipiro ake ndi kutentha. Kakatentha mopyola kamadzichepetsa liwiro kokha kuti kasapse, ndiye kuti wavutikira chabe. Ukaumirira kamazima, mwinanso kufa kumene. Ndipo kakanafa sabata imeneyo, mwanayo ndikanamuonetsa chiyani? Khoma?

Choncho ndinayamba ndi kuziziritsa, liwiro pambuyo. Masana magetsi atapita ndinatulutsa bokosilo pakhonde n'kulitsegula. Fumbi la Kabwe amalidziwa ndi amene amakhala kuno. Linali litaundana ngati bulangeti pakati pa timapepala tachitsulo toziziritsa purosesa. Ndinalichotsa ndi burashi yopentera ndi pampu ya njinga, chala chimodzi chitagwira fani kuti isazungulire mwamisala. Nditakweza choziziritsiracho ndinapeza phala lotuwa lija, limene limakhala pakati pa icho ndi purosesa, litauma gwa. Ndinayenda wapansi kupita m'tauni kukagula kachubu katsopano. Ndinapukuta lakalelo ndi sipiriti, n'kudontheza kadontho kamodzi kofanana ndi njere ya nandolo, osati kupaka ngati majarini monga amachitira ena. Fani ina yakale ndinaimangirira kutsogolo kuti izikoka mpweya, yakumbuyo izitulutsa. Bokosilo ndinalichotsa pakona pamene linkabanika, n'kuliika pa njerwa ziwiri pakati pa chipinda, kutali ndi zenera la dzuwa.

Mayi eninyumba anadutsa ndi ndowa pamutu n'kundiona ndikupopa pampu.

"Ba neighbour, nomba na computer yaponcha?"

Ndinaseka nawo. Kupatula wa m'sitolo ya phala, ndi munthu yekhayo amene ndinalankhula naye tsiku limenelo.

M'mawa mwake babu litangoyaka ndinalowa m'BIOS. Ndinakweza liwiro sitepe imodzi, n'kuyatsa pulogalamu imene imasenzetsa purosesa katundu wolemera dala, maso ali pa nambala ya kutentha. Itapirira ndinakwezanso sitepe ina, n'kuyesanso. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndikudziwa, koma tsokonombweyo sankathimiridwa magetsi. Nthawi iliyonse yoyesa inali nthawi yolandidwa ku vidiyo, ndipo mtima unkandiuza kuti kweza kamodzi n'kamodzi, Mulungu aona. Sindinaumvere.

Pa sitepe ina sikirini inasanduka yabuluu, kompyuta n'kuzima. Ndinakhala pansi pasimenti, ndikununkhiza ngati pali chimene chapsa. Panalibe. Itayakanso ndinawonjezera pang'ono kwambiri mphamvu ya magetsi yolowa m'purosesa, ndipo inakhazikika. Koma nambala ya kutentha inayamba kukwera mpaka kupyola madigiri 85, malire amene ndinadziikira, pamene malata a denga anali atangoyamba kumene kulira ndi dzuwa. Ndinatukwana Okutobala, ndinatukwana chilala, ndinatukwana ngakhale amalume a ku Highridge ndi jenereta yawo, ngakhale kuti sanandilakwire kanthu tsiku limenelo. Kenako ndinabwerera sitepe imodzi m'mbuyo n'kubweza mphamvu ija pamene inali. Liwiro linali locheperapo, koma loti munthu n'kulidalira.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse unali wofanana. Babu likayaka, ine pa batani. Fani yanga ya patebulo ndinaipatsa kompyuta, ine n'kumakhala chovula malaya, thukuta lili kamukamu. Pakona ya sikirini pankadutsa zithunzi zimene zinali kuphikidwa: mwana wanga akugwada, mwana wanga akuseka ndi anzake a ku yunivesite ya Mulungushi, amalume akulankhula m'malo mwa banja ndi mawu abwino amene ndikanakonda kuwanena ine. Nsanje ndinali nayo, ndisaname. Koma chachikulu kunali kusungulumwa. Holo yodzaza anthu inali m'chipinda changa, nthungululu zili pakamwa pa amayi koma osamveka, chifukwa pophika vidiyo mawu satuluka. Chimene ndinkamva ndi kulira kwa mafani basi.

Chidutswa chomaliza, cha magule, chinali chachitali kuposa zonse, ndipo chinagwera Lachisanu lenilenilo. Ndinadzuka kusesa, kukolopa, kupukuta mpando wabwino uja. Magetsi anabwera, kamzere kanayamba ulendo wake. Dzuwa likukwera, nambala nayo inkakwera. Ndinatsegula chitseko, n'kupachika chitenje chonyowa pazenera, kutali ndi mawaya, kuti mphepo yolowa izizizirako. Nambalayo inafika pafupi ndi malire anga n'kuima pamenepo, ikugwedezeka. Sindinapite ngakhale kukamwa madzi.

Kamzere kanafika kumapeto babu likadayaka. Ndinalumikiza zidutswa zonse, ndinakopera pa fulashi, magetsi alipobe. Kuthamangitsa kuja kunandipatsa mphatso ya nthawi yokwanira kuonera filimu yonse. Ndinaimbira foni mwana wanga, amene ndimamutcha mami.

"Mami, yasila. Bwela manje, malaiti yakalipo."

"Wow, ba daddy! Tili kulaila ba uncle, pali tu visitors. Nibwela manje manje."

Ankatsazika amalume ake. Manje manje wa m'tauni ndimamudziwa, koma tsiku limenelo ndinamukhulupirira. Ndinaika filimuyo pa chithunzi choyamba, n'kuiimitsa pamenepo kuti akangokhala ndidine. Ndinavala malaya. Ndinakhala pabedi, diso lina kukhomo, lina pa babu. Galimoto iliyonse yodutsa mumsewu inkandiimiritsa. Nthawi imene ndinaipeza ndi pampu, phala ndi thukuta inkatha ndikuiona, ndipo panalibe BIOS yoti ndilowemo kuti ndiichedwetse. Dzuwa litafika pamutu babu linathima, mafani anazungulira pang'ono n'kuima, chipinda chinangoti zii.

Anafika chakumadzulo. Apongozi anga, mwamuna wakeyo, anatsika n'kundipatsa moni mwaulemu ali chapatali, kenako anabwerera m'galimoto kuti atipatse mpata. Mwana wanga analowa, anayang'ana bedi, mbaula, kamera ili pamsomali, n'kukhala pampando uja moyang'anana ndi sikirini yakuda.

"Malaiti yayenda? Sorry ba daddy. Benze sibafuna kutileka."

"Palibe kanthu, mami."

Kanthu kanalipo. Ndinkadalira vidiyoyo kuti itilankhulire, kuti tiziloza anthu n'kumaseka, ine n'kupezerapo pomuuza kuti anaoneka bwino. Popanda iyo tinakhala ngati anthu odikira basi imodzi. Anafunsa za thanzi langa, ine ndinafunsa za nyumba ya ku Solwezi. Kenako maso ake anagwera pansi.

"Nanga computer ili pa ma bricks chifukwa chani?"

Ndinayamba kumufotokozera. Za fumbi, za kadontho ka phala, za fani yokoka ndi yotulutsa, za sikirini yabuluu ndi sitepe imene ndinabwerera. Ndinalankhula ndi manja omwe, mpaka kugwada kumuonetsa pamene mpweya umalowera. Iye ankagwedeza mutu, ndipo sindikhulupirira kuti anamvapo zambiri. Ndili pakati ndinazindikira kuti chibadwireni chake sindinalankhulepo naye nthawi yaitali chonchi, ndipo nkhani yake inali ya mafani. Anaika dzanja pabokosilo. Linali litazizira kale.

"Zonse izi chifukwa cha video yanga?"

"Ee."

Anayang'ana foni yake, kenako kukhomo. Ndinamupatsa fulashi, anailandira ndi manja awiri n'kuiika m'kachikwama.

"Tizatamba ku Solwezi. Nizakutumilani phone tikasiliza," anatero, kutanthauza kuti adzandiimbira.

Ndinamuperekeza mpaka pagalimoto, ndipo ndinaima pamsewu mpaka fumbi lawo litakhazikika.

M'mawa mwake babu linayaka nthawi yake yomwe ija, ndipo ndinadzuka msanga mwachizolowezi, chala chili kale pa batani. Ndinalowa m'BIOS n'kubweza liwiro la purosesa pamene opanga analisiya. Panalibenso chothamangira.