Nyimbo za a Rozina zinkayesedwa pa mpopi

Fungo la makala onyowa, lija lotsamwitsa lija, likandipeza ngakhale lero ndimaona a Rozina ataima pakhonde pawo ku Mbayani, simbi ili m'manja, akuigwedeza uku ndi uku kuti moto ukolere, phulusa likuuluka n'kumatera pa mpanda wathu. Ankasita zovala za makalaliki a m'tauni ndi za eni sitolo a ku Limbe. Kukacha kumene unkamva madzi akuti tsiii pa malaya, kenako kung'ung'udza kwapansipansi, ngati munthu amene akukambirana ndi mtima wake. Makolo awo anachokera ku Mozambique, ndipo m'kayimbidwe kawo munali kukhota kwina kumene ife kuno tinalibe.

Ine sukulu ndinalekezera panjira, zimenezo sindibisa. Koma mawu Mulungu anandipatsa. Ndili mwana ndikaitana mnzanga kumsika, agalu a kutsidya ankayankha. Ndiye mundimvetsere, chifukwa zimene ndikunenazi sindinachite kuuzidwa.

A Rozina ankapeka nyimbo, koma sankaziimba pagulu. Amuna awo, a Zuze, ankagwira ntchito ku Ginnery Corner ndipo kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Anali atanenetsa kuti mkazi wawo sadzaima pamaso pa anthu oledzera. Choncho nyimbozo ankatenga a Lasitoni, mnyamata wa gitala amene anali ndi bandi yake, wa nsapato zosongoka, tsitsi lodzola mafuta mpaka kung'anima. Ankabwera Loweruka ngati wodzatenga malaya, n'kukhala pa chitini, a Rozina akusita uku akumuimbira, iye akutsatira ndi zala pa bondo.

Koma nyimbo isanafike kwa a Lasitoni inkayamba yadutsa kwa ife. Kachitidwe kawo kanali kotere. Akapeka yatsopano, ankaiimba mokweza m'mawa ife ana tikudutsa ndi ndowa kupita ku mpopi, osatiitana, osatiphunzitsa, kungoimba basi ngati sakutiona. Madzulo ankatchera khutu. Ikabwerera kuchokera ku mpopi ili m'kamwa mwa ana, ndiye kuti yapsa. Ikapanda kubwerera ankaitaya, ngakhale ikhale yokoma bwanji.

"Ana sanyengerera munthu," ankawauza mayi anga pa mpanda. "Akulu amakuyamikira chifukwa cha manyazi."

Ndipo amene ankaibweza nthawi zambiri ndinali ine. Ndikaigwira, Mbayani yense ankaidziwa dzuwa lisanalowe. A Rozina ankaseka n'kunena kuti, "Iwe Bonifasi, pakhosi pakopo anaikapo lipenga eti? Wandiphera mawu, koma chuni chake wachigwira."

Patapita nthawi nyimbo zomwe zija tinkazimva pa wailesi, wolengeza akuti ndi za Lasitoni ndi anyamata ake. Ife tinkathamangira kwa a Rozina kukawauza. Iwo ankangopitiriza kusita. Tsiku lina mayi anga anawafunsa kuti, "Anzanga, sizikupwetekani?" Anayankha kuti, "Nthawi yanga idzakwana. Panopa ndikuphunzira." Zinapita choncho zaka zambiri, ine mpaka kumera ndevu.

A Zuze atamwalira, maliro atatha, miyezi yolira itadutsa, a Rozina anayamba kupeka nyimbo ina imene sanaitulutsire pakhonde. Ankaiimbira m'nyumba, chitseko chotseka. Ndinawafunsa kuti bwanji iyi mukutimana. Anati, "Iyi ndi yanga. Ikatuluka ituluke ndi pakamwa panga." Inali yonena za mayi awo, amene anawoloka malire ndi mtolo pamutu n'kumwalira asanaonenso kwawo.

A Lasitoni anavomera kuwapatsa mpata pa dansi ya masana mu holo ina ku Soche. Tinapita ambiri a mu mzere wathu, wapansi, mayi anga atanyamula nsapato m'manja kuti zisade. A Rozina anavala diresi lobiriwira limene analisita okha mpaka linaima ngati lata. Holo inadzaza, kukutentha, fungo la thukuta ndi chibuku. A Lasitoni anaimba zawo zingapo, ndiye kuti za a Rozina zomwezo, anthu akuvina. Kenako anati, "Pali mayi athu ena akufuna ayeseko."

Ayeseko. Mawu amenewo sindinawaiwale.

Anayamba bwino. Mawu awo anali aang'ono koma oyera, ndipo pokhota paja anakhota monga ankachitira pakhonde. Koma asanafike pakati, bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Amayi, Lasitoni yemweyo mukumukopera ali pomwepo?" Anthu anaseka. Mayi wina anawonjezera kuti, "Imbani zanu, kayimbidwe ka eni ake kasiyeni." Mluzu unayamba.

Mukumvetsa chimene chinachitika? Nyimboyo inali yatsopano, palibe anali ataimvapo. Koma kukhota kuja, kugwa kwa mawu kuja, anthu anali atakumva zaka zonsezi pakamwa pa a Lasitoni. Kwa iwo mayiyu anali wakuba.

Ine ndinakwera pa benchi. Ndinakuwa ndi mawu anga onse kuti nyimbo zonse mwavina lerozi anapeka ndi mayi amenewa, akusita malaya, ine ndilipo. Holo yonse inandimva, zimenezo musakayike. Wina anati, "Ameneyu wamwa zingati?" Anandikokera pansi. Ndinayang'ana a Lasitoni. Chimkuzamawu chinali patsogolo pawo penipeni, pongofunika kuwerama pang'ono n'kunena kuti mnyamatayu sakunama. Iwo anaweramira gitala, n'kumapotokola zingwe ngati zamasuka.

A Rozina anamaliza nyimbo yawo. Sanathawe ayi. Anaimaliza mpaka kumapeto m'kati mwa phokosolo, n'kutsika, n'kutenga nsalu yawo kwa mayi anga. Tinauyamba ulendo wobwerera. Titayandikira Mbayani ndi pamene a Rozina ananena, osayang'ana munthu: "Ndinachedwa. Ndimaganiza kuti ndikumupatsa nyimbo zokha."

M'mawa mwake simbi inayaka monga kale, madzi n'kumati tsiii pa malaya, koma kung'ung'udza kunalibe. Loweruka a Lasitoni anabwera ndi shuga. A Rozina anawapatsa malaya awo osita bwinobwino, shuga n'kuwabwezera. Bandiyo sinakhalitse pambuyo pake.

Sikuti anasiyiratu. Atakalamba anajambulitsa kaseti yawoyawo, ndi anyamata a kwaya akuwathandiza. Ndinaigula, ndinkaiimbitsa mpaka tepi inadyeka. Koma mawu anali atatha ndi utsi wa makala, ndipo ogulitsa makaseti ku Limbe ankaiika pansi penipeni. Chimene chimandiwawa n'chakuti nyimbo ya mayi awo ija sanatiimbire pakhonde. Ikanadutsa pa mpopi, ana a Mbayani akanafika nayo mu holo muja akuidziwa mwini wake, ndipo ndikanaona amene akanatiletsa kuimba nawo.

Masiku ano nyimbo zakale zija anyamata akuzibwereza, amaziika ng'oma za makina, zimalira m'maminibasi. Kondakitala akati iyi ndi ya malemu Lasitoni, ine ndimamukonza pompo, minibasi yonse ikumva. Adzukulu anga amachita manyazi, amati, "Agogo, tsitsani mawu, anthu akutiyang'ana." Ndimawauza kuti ayang'ane. Ana a pa mpopi paja anatha, ndatsala ine. Dzina ndi Rozina, wa ku Mbayani, ankasita malaya. Ndimalinena kawiri, kuti wa kumpando wakumbuyo alimve.